Momwe mungapangire kawijeti ka pa foni kosonyeza pamene kasitomala ali

Achemwali anga amagulitsa mpunga wa Kilombero ndi usipa wa ku Nkhata Bay, ndipo makasitomala awo ambiri amaitanitsa pa WhatsApp. Katundu amakasiya ndi mnyamata wa sakaramento, kabaza wa njinga. Vuto lake okhala mu Mzuzu muno mukulidziwa: kulondolera munthu kunyumba ndi ntchito payokha. "Mukadutsa mjigo mukhotere kumanzere, geti yobiriwira." Kodi ku Mchengautuba mageti obiriwira alipo angati? Mnyamata amazungulira mvula ya mawawa ikumunyowetsa, mayunitsi akuthera kuimbirana. Ndiye ndinawapangira kawijeti ka mabatani awiri. Kasitomala akadina loyamba, foni imapeza pamene iye ali. Akadina lachiwiri, amajambula geti yake. Zonsezo zimakathera pa WhatsApp ya achemwali.

Wijeti ndi kapulogalamu kakang'ono ka HTML, CSS ndi JavaScript kogwira ntchito imodzi yokha, komwe mumakalowetsa mkati mwa tsamba lina. Mukamasaka pa intaneti mupeza maphunziro akale onena za fayilo ya config.xml ndi mapaketi a .wgt, za nthawi ya Nokia ya Symbian ndi Opera Widgets. Zimenezo zinapita, musatayirepo bandulo. Lero kawijeti ndi tsamba wamba lomwe browser ya pa foni imalitsegula. Ena anandifunsa chifukwa chake sindinapange app yeniyeni ya pa Play Store. Kulembetsa kumeneko ndi madola 25, kamodzi kokha, koma mupeze kaye khadi yolipirira madola masiku ano. Komanso ndani angadawunilode app kuti agule usipa wa mbale imodzi?

Zofunika kukhala nazo

Laputopu, VS Code, Chrome, ndi foni ya Android. Foniyo ikhale yotsika mtengo, itel kapena Tecno yakale ija ili mudilowa, chifukwa makasitomala anu ambiri agwira zotero. Mufunikanso chingwe cha USB chodutsa data. Apa chenjerani. Zingwe zambiri zogulitsa pamsika ndi zotchajira basi, mkati mulibe mawaya a data, ndipo wogulitsa amalumbira kuti ndi "orijino". Ine ndinagula ziwiri zachabe. Pitani ndi laputopu mukayesere pompo. Ngati foni sikuoneka pa kompyuta, chisiyeni.

Kuyala tsamba

Pangani foda, muikemo index.html, style.css ndi app.js. Izi sindichedwapo, ndikukhulupirira mumazitha. Musakokeremo React kapena zina zolemera pa mabatani awiri okha. Kasitomala wa ku Ching'ambo netiweki ikamavuta sadikira tsamba lolemera, amangotseka n'kuimba foni, ndiye mwabwerera pomwe munayambira. Mabatani akhale aakulu oti chala cha munthu wosenza mwana chisaphonye. Pa batani langa loyamba ndinalemba "Ndili pano", pansi pake "Nili pano", poti kuno ndi kwa Atumbuka.

Kupempha malo

Mzere wogwira ntchito yonse ndi uwu:

navigator.geolocation.getCurrentPosition(zatheka, zakanika, {enableHighAccuracy: true, timeout: 20000, maximumAge: 0});

Zatheka ndi zakanika ndi ma function anu awiri, oitanidwa malo akapezeka kapena akakanika. Mzerewu uikeni mkati mwa batani, uzithamanga munthu akadina basi. Musauike poyambirira pa tsamba. Munthu wangotsegula linki, sanawerenge n'komwe, foni n'kumufunsa kuti tsambali likufuna kudziwa komwe ali, aliyense wanzeru amadina Block. Pamwamba pa batani lembani chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake mukufuna malowo ndi amene ati awaone.

Timeout ili m'mamilisekondi, ndiye 20000 ndi masekondi 20. Mukapanda kuiika, foni ikhoza kusakasaka mpaka kalekale. Zikatheka mulandira coords.latitude, coords.longitude ndi coords.accuracy. Yachitatuyi anthu amainyalanyaza, pomwe imanena kuti foni ikhoza kukhala itaphonya ndi mamita angati. M'nyumba ya malata GPS imavutika, foni imangoyerekeza potengera nsanja za netiweki, ndipo ikhoza kukuikani kutsidya kwa dambo. Kawijeti kanga kakaona kuti nambalayi yadutsa 100 kamauza munthu kuti atuluke panja adinenso.

Poyesa kumbukirani kuti Mzuzu ali cha pa -11.4 ndi 34.0. Mukataya kamzere ka minus kaja, mpunga upita ku Sudan. Mukasinthanitsa manambala awiriwo, ugwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco.

Pomwe ndinagwa nazo

Apa ndichedwapo, chifukwa panandidyera masiku atatu ndi ulemu wanga pamaso pa achemwali.

Pa laputopu zonse zinkayenda bwinobwino. Ndinatsegula pa foni podzera pa Wi-Fi, adiresi yoyamba ndi http://192.168, ndikudina batani, zii. Osafunsa chilolezo, osachita kanthu. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira 2016, pa Chrome 50, malo a munthu saperekedwa ku tsamba lomwe silili pa HTTPS, adiresi yotetezeka yoyamba ndi https://. Laputopu imakunamizani poti localhost, adiresi ya kompyuta yomwe muliyo, browser imaitenga ngati malo otetezeka. Njira yoyesera popanda kukweza tsamba pa intaneti ilipo: pa foni pitani ku About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri, yatsani USB debugging mu Developer options, lumikizani chingwe chija, pa laputopu tsegulani chrome://inspect, ndipo pa Port forwarding ikani 8080 kupita ku localhost:8080, ngati tsamba lanu likuyendera pa port imeneyo pa laputopu. Foni ikatsegula localhost:8080 ikhala ikuona za pa laputopu yanu, ndipo zolakwika zonse za pa foni ziziwonekera pa sikirini yaikulu.

Kukweza kwenikweni ndinakweza pa GitHub Pages, malo osungirako masamba pa intaneti. Netlify nayonso ili bwino. Konseko HTTPS ndi yaulere. Ndikunena izi chifukwa mkulu wina wogulitsa hosting anafuna kulipiritsa achemwali ndalama ya "setifiketi ya chitetezo" chaka ndi chaka, pomwe setifiketi yakeyo inali ya Let's Encrypt, yomwe aliyense amatenga osalipira tambala. Wina akakutchulirani mtengo wa SSL, setifiketi ya HTTPS ija, mufunseni kuti ndi yochokera kuti, muone mmene ayankhire.

Ndinaganiza kuti ndathana nazo. Kawijeti pakokha kankagwira. Ndinakalowetsa mu iframe, kazenera koonetsa tsamba lina mkati mwa linzake, pa tsamba la achemwali la mitengo ya katundu, n'kutumiza linki kwa makasitomala osayesanso. Madzulo ake amayi ena achikulire a ku Chibavi anaimbira achemwali atakwiya: "Mwana wanga, chinthu chakochi chikuti ndakana. Ndakana chiyani ine? Sichinandifunse n'komwe!"

Amayiwo ankanena zoona. Zikakanika, browser imabweza nambala: 1 ndi chilolezo chakanidwa, 2 ndi malo sakupezeka, 3 ndi nthawi yatha. Ine pa 1 ndinalemba uthenga woti "Mwakana kupereka chilolezo." Koma 1 imabweranso pamene browser yakana yokha munthu asanafunsidwe. Ndipo imakana ndithu ngati kawijeti kali mu iframe yochokera ku adiresi ina, pokhapokha mwini tsamba atalemba kuti akulola. Mawu osowawo anali awa okha:

<iframe src="https://..." allow="geolocation; web-share"></iframe>

Masiku atatu chifukwa cha allow. Ndikanayang'ana error.message kapena console tsiku loyamba ndikanaona, poti browser imanena poyera kuti yatsekereza chifukwa cha permissions policy. Dziwaninso kuti tsamba lakunja lomwe lanyamula iframe nalonso liyenera kukhala pa HTTPS. Kawijeti kotetezeka mkati mwa tsamba la http sikapatsidwa malo.

Pali china chomwe ndinaphunzirapo. Chrome ikamafunsa chilolezo imatchula dzina la tsamba lakunjalo, osati la kawijeti. Choncho mwini tsamba akalemba allow, wabwereketsa dzina lake. Kasitomala akuganiza kuti akuuza achemwali komwe amakhala, pomwe akuuza yemwe analemba kawijeti. Ngati muli ndi tsamba ndipo wina wakupatsani iframe yoti muike, werengani zomwe zili mu allow. Kawijeti ka mitengo ya ndalama zakunja kapena zigoli za mpira kakufuniranji camera ndi microphone?

Ngakhale zonsezi zili m'malo, zitseko zilipo zitatu: Location ya foni yeniyeniyo iyatsidwe, Chrome ikhale ndi chilolezo cha Location mu Settings ya Android, ndiye tsamba lanu liloledwe. Ambiri kuno amathimitsa Location posunga batire, makamaka magetsi akamavuta. Ndipo munthu akadina Block kamodzi, browser simufunsanso. Ayenera kudina kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi, alowe mu Permissions, asinthe yekha. Akangotseka funsolo osayankha katatu, Chrome imaleka kufunsa kwa sabata. Ndiye uthenga wanga tsopano sunena kuti wina wakana. Umati "Foni sinatipatse malo anu", n'kusonyeza zithunzi ziwiri za pomwe angadine, ndipo pansi pali bokosi loti alembe yekha malondolero a mjigo ndi geti aja. Bokosi limenelo musalichotse. Otsegula pa Opera Mini, yomwe tsamba limayamba ladutsa pa maseva awo, ndi otsegula linki mkati mwa Facebook, nthawi zambiri ndi lomwe limawapulumutsa.

Amayi a ku Chibavi aja achemwali anawaonjezera usipa wa basela, ndalama yake anadula kwa ine.

Kamera

Musavutike ndi getUserMedia, imeneyo ndi ya kanema wa pompopompo. Pa chithunzi chimodzi izi zikukwana:

<input type="file" accept="image/*" capture="environment">

Foni imatsegula kamera yake yakumbuyo, munthu amajambula, tsamba limalandira chithunzi chokhacho, silisuzumira china chilichonse. Chichepetseni pa canvas, malo ojambulirapo zithunzi a mu HTML, chifike mapikiselo 800 m'lifupi. Bandulo imapulumuka, komanso canvas imataya EXIF, zobisika za m'chithunzi zomwe nthawi zina zimanyamula malo ndi mtundu wa foni.

Kutumiza

Ine seva ndilibe, ndipo ndinachita dala. Malo ndimawasandutsa linki ya https://maps.google.com/?q= yotsatana ndi manambala awiri aja, n'kuiika mu uthenga wa wa.me, linki yotsegula WhatsApp pa nambala ya achemwali. Nambala ya foni iyambe ndi 265, ziro woyamba mumuchotse, uthengawo muudutsitse mu encodeURIComponent. Chithunzi sichidutsa pa wa.me, ndiye chimapita ndi navigator.share, mutayamba mwafunsa navigator.canShare ngati foniyo imatha. Apa kasitomala amasankha yekha WhatsApp ndi dzina la achemwali. Ndi chifukwa chake mu allow muja munali web-share.

Ubwino wake, palibe pomwe ndasunga mndandanda wa nyumba za anthu ndi zithunzi za mageti awo. Tangoganizani mndandanda wotero utagwa m'manja mwa akuba. Komanso dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe MACRA ndiyo ikuliyang'anira. Mukayamba kusunga za anthu pa seva yanu, lamulolo likukukhudzani, kaliwerengeni.

Zachitetezo zotsala

Chilichonse cholembedwa ndi kasitomala chionetseni ndi textContent, osati innerHTML, kuopa wina angalembe script m'malo mwa dzina. Makiyi a API ndi mapasiwedi musawaike mu app.js, aliyense amatha kuiwerenga. Zomwe zili mu localStorage script iliyonse ya pa adiresi yanu imaziona, ndiye malo a munthu asagonemo. Ma template obedwa omwe amazungulira m'magulu a WhatsApp, aja amati "nulled", asiyeni. Simudziwa zomwe anasokeramo, ndipo tsamba lanu likaloledwa kuona malo, script yobisikayo yaloledwanso. Ngati kawijeti kakulankhula ndi tsamba lakunja pa postMessage, yang'anani event.origin musanakhulupirire uthenga, ndipo potumiza musaike nyenyezi (*) ngati adiresi. Onjezani Content-Security-Policy yololeza ma script a kwanu okha. Pa GitHub Pages mungaiike ngati meta tag. Pansi penipeni ndinalemba ndi zilembo zofiira kuti sitifunsa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, poti akathyali kukopera tsamba ngati limeneli ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Manifest ndi service worker

Ngati mukufuna kuti kazikhala pa sikirini ya foni ngati app, lembani manifest.json, muikemo dzina, start_url, display ndi zithunzi ziwiri za 192 ndi 512. Service worker ndi yoti kazitseguka netiweki ikathawa; zitsanzo zake zili mbwee, koperani chachifupi. Mukasintha khodi muzisinthanso dzina la cache, apo ayi anthu aziona zakale inu mukulumbira kuti munakonza.

Kenako yesani pa mafoni atatu osakhala anu, mkati mwa iframe yeniyeniyo, imodzi ikhale ya mnyamata wa sakaramento uja. Wathu zinapezeka kuti Google Maps anaithimitsa kalekale kuti apeze malo a nyimbo.