Hypo ndi pansi: momwe ndinathetsera chisokonezo cha pa khadi la kuchipatala

Ambiri mwa ife amene timasamalira okalamba kuno ku Johannesburg timasokoneza mawu awiri pa khadi la wodwala shuga: hypoglycaemia (shuga wotsika m'magazi) ndi hyperglycaemia (shuga wokwera m'magazi). Akamatchulidwa mwachangu amamveka ngati amodzi, koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu.

Ndinasiya kuloweza mawu onse, n'kumangoyang'ana chilembo chachinayi. Chikakhala o, ndi hypo, Chigiriki chotanthauza pansi kapena kuchepa. Chikakhala e, ndi hyper, kupitirira muyezo. Pa khadi ndimajambula muvi woloza pansi kapena m'mwamba pambali pa liwulo, ndi bolopeni yofiira.

Hypoglycaemia ndiyo yosachedwa kupha. Makina oyezera shuga m'magazi akaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, agogo akunjenjemera, thukuta kamukamu, apatseni magalamu 15 a shuga, pafupifupi masupuni a tiyi anayi m'madzi. Dikirani mphindi 15, muyezenso. Cholakwika chachikulu ndi kuwabaya insulin poganiza kuti shuga wakwera, insulin imamutsitsanso. Ngati akomoka musawamwetse kanthu, angatsamwe. Imbani 112, nambala ya chithandizo chadzidzidzi, pa foni yam'manja.

Njira yomweyi imamasula mawu ena. Hypothermia ndi thupi kuzizira pansi pa madigiri 35, zimene zimachitika ndithu usiku wa mu June kuno. Hypotension ndi BP yotsika. Koma samalani, hypo sikuti nthawi zonse ndi kuchepa: jakisoni wa hypodermic amangotanthauza wolowa pansi pa khungu.