Momwe mungasiyire PhD osataya mwayi womaliza udokotala

Maphunziro ophatikiza udokotala ndi kafukufuku, omwe ku America amawatcha MD-PhD, amatenga zaka pafupifupi 8: ziwiri zoyamba m'kalasi, zinayi kapena kuposerapo mu labotale, kenako ziwiri zomaliza m'mawodi. Ine, ndikuphunzira ku America komweko, ndinasiya kafukufuku wa PhD m'chaka chake chachiwiri, ndinamaliza udokotala wokha, ndipo pano ndikugwira ntchito kuno ku Blantyre.

Musanauze munthu aliyense, werengani pangano la ndalama lomwe munasainira. Thandizo la maphunzirowa lochokera ku NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, limapita kwa nzika za America ndi omwe ali ndi chilolezo chokhazikika kumeneko, choncho ife ochokera kunja nthawi zambiri timalipiriridwa ndi yunivesite, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake. Kwina amangokuuzani kuti fizi ya zaka zotsalazo mudzilipirire nokha, pamene kwina amafunanso ya m'mbuyo.

Chachiwiri, pezani kalata yochokera ku ofesi ya mkulu wa sukulu ya udokotala yonena tsiku lenileni lomwe mudzayambire m'mawodi. Apa ndi pomwe ine ndinagwa nayo. Ndinayamba kuuza pulofesa wondiyang'anira, pakamwa chabe, tikumwa khofi, poganiza kuti ulemu umafuna kuti mkulu amve koyamba. Iwo anandimvetsa bwino lomwe, koma mawa lake anadziwitsa ofesi ya zachuma, ndipo mwezi umenewo ndalama yodyera sinalowe ku akaunti. Nditapita kukapempha malo m'mawodi anandiuza kuti gulu ladzaza, ndidikire miyezi 7. Visa ya ophunzira ochokera kunja, yotchedwa F-1, imafuna kuti munthu akhale wolembetsedwa ngati wophunzira nthawi zonse, ndipo wosiya sukulu movomerezeka amapatsidwa masiku 15 okha kuti atuluke m'dzikomo. Mwamwayi anandisiya m'kaundula wa ochita kafukufuku mpaka tsiku loyamba m'mawodi, koma lendi ya miyezi yonseyo inalipidwa ndi achimwene anga a ku Chilomoni, omwe anagulitsa galimoto. Kalatayo mukaipeza, pitani nayo ku ofesi ya ophunzira akunja akakonze fomu ya I-20, chikalata cha sukulu chomwe visa yanu imadalira, ndipo pulofesa amve zonsezi zitatha.

Ngati munakhoza mayeso oyambira PhD, funsani ngati angakupatseni digiri ya Masters, chifukwa a yunivesite paokha sakumbutsa munthu. Perekani mabuku a mu labotale ndi ma sampulo, ndipo gwirizanani polemba kuti dzina lanu lidzakhala pati pa mapepala otuluka mtsogolo.

Pobwerera kuno tengani zikalata zonse zodindidwa musananyamuke, popeza kuziitanitsa muli ku Malawi kumadya madola ambiri. Kulembetsa ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe chitani nokha. Madobadoba omwe amalonjeza kufulumizitsa mapepala amangodya ndalama ya thiransipoti, mafomu osawapereka n'komwe.