Kuyamba dimba la pakhomo ku Joni chisanu chikamatha

Ndinakulira ku Dedza, mbali za ku Bembeke, kumene mwana amayamba kunyamula kheni asanayambe sukulu. Nditabwera ku Johannesburg n'kupeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Randburg, ndinkakhulupirira kuti za dimba ndikuzidziwa kale. Chaka choyamba ndinadzala maungu, nyemba ndi tomato kuseri kwa kachipinda kanga pakati pa mwezi wa Ogasiti, poona kuti masana dzuwa layamba kuwotcha. Zinamera bwino ndithu. M'mawa wina ndinadzuka n'kupeza kapinga yense ali mbuu, ndipo dzuwa litakwera masamba a maungu aja anali atada bii, olefuka ngati wina wawathira madzi owira. Kamtengo ka papaya komwe ndinakalera m'chidebe pawindo miyezi inayi, n'kukatulutsa sabata yomweyo, kanafa usiku umenewo. Zinandipweteka mtima, chifukwa mbewu ya maunguyo anachita kundigawira mnzanga wa ku Ntcheu, ndipo inali yochepa.

Ndikulemba izi chifukwa cha inu abale anga amene muli kuno ndipo mwatopa ndi kugula kampukutu ka masamba ofota pamtengo wokwera. Dimba n'lotheka, ngakhale pa kamalo kochepa, bola musiye kaye kalendala ya kumudzi. Kwathu dimba timaliyamba mvula ikatha, mu Epulo kapena Meyi, ndipo nyengo yozizira ndiyo ya masamba. Kuno mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku mpaka madzi a m'ndowa kuuma pamwamba. Eni dziko amati 1 Seputembala ndi tsiku loyamba la nyengo imene amaitcha spring, koma m'malo otsika, monga m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei, chisanu chimatha kubwerera mpaka pakati pa mweziwo. Mvula yodalirika imayamba mu Okutobala. Choncho Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi yovuta kuiwerenga: masana kutentha, usiku kuzizira, mphepo ya fumbi kuumitsa nthaka, mvula kulibe. Ine chizindikiro changa ndi mitengo ya mapichesi. Ikachita maluwa mu Ogasiti, ndimadziwa kuti nthawi yokonza mabedi yakwana, koma ya maungu ikadali patali.

Musanagwire khasu, khalani pakhomo tsiku limodzi muone pomwe dzuwa likufika m'mawa, masana ndi madzulo. Masamba amafuna dzuwa maola osachepera 6. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka kukamazizira, ndiye malo abwino ndi oti kumpoto kwake kuli poyera, khoma lili kum'mwera. Khoma lotero limamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, ndipo mbewu za pafupi nalo zimapulumuka pomwe zina zapsa. Ambirife timakhala m'nyumba zalendi kapena kuseri kwa nyumba ya abwana, choncho pemphani kaye, ndipo muwasonyeze malire enieni a pomwe mukufuna kukumba. Ine amayi a nyumba anandilola kamzere kamodzi kokha. Nditawapititsira mpukutu woyamba wa sipinachi, iwo omwe ndi amene anati ndiwonjezere.

Ntchito yaikulu ili m'nthaka. Dothi la m'mayadi ambiri ndi lofiira ngati katondo, mu Ogasiti limakhala louma gwa, ndipo mukakumba mumapezamo zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe omanga anakwirira. Lithirireni madzulo kuti mawa lake khasu lilowe. Yambani ndi bedi limodzi lalikulu ngati chitseko, mita imodzi m'lifupi, mamita awiri m'litali, kuti muzifika pakati ndi dzanja osapondamo. Kumbani mpaka m'bondo. Dothi lapamwamba muunjike mbali ina, lapansi mbali ina. Pansi pa dzenjelo yalani makatoni onyowetsa, kenako masamba ouma, udzu wometa, makoko a nthochi ndi a mbatata, zigoba za mazira, mukuwaza madzi nthawi iliyonse mwathira, mpaka dzenje lifike theka. Mafupa, nsima yotsala ndi zamafuta musaikemo, zimaitana makoswe. Bwezerani dothi lapansi lija, pamwamba pabwere lapamwamba mutalisakaniza ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana. Bedi lidzatukuka kuposa nthaka yozungulira, koma pakatha masabata awiri kapena atatu limatsika, ndipo ndi pamene mungadzale.

Pa nkhani ya masamba oumawa ndimamva chisoni. Ife amene timagwira ntchito m'mayadi, Juni ndi Julayi yense timasesa masamba a mitengo ya oak ndi ya plane, n'kuwalonga m'matumba akuda kuti akatayidwe. Kenako mu Seputembala abwana omwewo amatituma kukagula kompositi wa m'matumba ku nazale. Masamba amenewo ndiwo kompositiyo. Pemphani matumba atatu kapena anayi, muwaze madzi mkati, muboole timabowo, muwasiye pakona. Ena mudzakwirira m'bedi, ena mudzaphimbira pamwamba. Manyowa a mahatchi amapezeka m'makola a mbali za ku Kyalami, koma akhale akale, akuda, osanunkha. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, ziyambe zagona mulu miyezi ingapo. Phulusa likhale la nkhuni, lowaza pang'ono ngati mchere, osati la malasha a kumgodi.

Ngati pabwalo ponse ndi simenti, tolani zidebe za penti za malita 20, muzitsuke bwino, muboole pansi, mudzaze dothi losakaniza theka ndi theka ndi manyowa. Chidebe chimodzi chimakwana tomato mmodzi kapena sipinachi ziwiri. Amene mumakhala pafupi ndi milu yachikasu ya zotsalira za migodi ya golide, kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzindawu, ndikukulangizani zidebe zomwezi ndi dothi lochokera kwina, chifukwa fumbi la milu imeneyo si labwino pa chakudya.

Zodzala zili magulu awiri, ndipo kuzisakaniza ndi kumene kunandiphetsa mbewu. Gulu loyamba ndi la zosaopa kuzizira, zomwe mungafese kumapeto kwa Ogasiti: sipinachi, bitiruti, kaloti, letesi, anyezi wamasamba, repu ndi chomolia. Chimene kuno amachitcha sipinachi ndi chamasamba akuluakulu chija, pa paketi pamalembedwa Swiss chard, ndipo mtundu wa Fordhook Giant ndi umene sunandikhumudwitsepo. Mbewu za Starke Ayres, Mayford kapena Kirchhoffs zimapezeka m'masitolo ambiri. Njere ya sipinachi ilowe kuya ngati kachala kamodzi kopingasa, ndipo mbewu zitalikirane masentimita 25 mpaka 30. Njere imodzi imatulutsa timbewu tiwiri kapena titatu, mupatulire n'kusiya kamphamvu. Pothyola muziyamba ndi masamba akunja, mtima osaugwira, ndipo bedi limodzi lidzakudyetsani miyezi yambiri. Kaloti sawokera, mumafesa pomwe adzakulire. Njere zake n'zazing'ono, ndiye zisakanizeni ndi mchenga pofesa, mukwirire pang'ono chabe, muphimbe ndi thumba lonyowa mpaka zitamera, zomwe zimatenga pafupifupi masabata awiri. Chomolia simuvutika n'kugula mbewu. Pemphani mphukira kwa anzathu a ku Zimbabwe, ambiri amakhala nacho, muzike m'dothi lonyowa, chimagwira.

Mpiru ndi tchainizi ndikudziwa kuti ndi zimene mtima umafuna, koma nyengo ino zimathamangira kuchita maluwa kukangoyamba kutentha. Fesani pang'ono, mudye zikadali zanthete, mbewu yambiri muisungire Malichi. Anyezi wamitu nayenso nthawi yake ndi Malichi ndi Epulo, pano mungotaya mbewu.

Gulu lachiwiri ndi la zoopa chisanu: tomato, tsabola, mabiringanya, nyemba, maungu, chimanga, bonongwe ndi therere. Izi zisatuluke panja pakati pa Seputembala pasanadutse, ndipo ngati muli kumalo otsika dikirani Okutobala. Kudikira sikutanthauza kukhala manja lende. Tomato ndi tsabola fesani mu Ogasiti m'timakapu ta yogati toboola pansi, muike pawindo loyang'ana kumpoto. Mbande zikafika masamba anayi kapena asanu, muzizitulutsa masana n'kuzilowetsa usiku kwa sabata imodzi kuti zizolowere mphepo. Wokerani madzulo, motalikirana theka la mita, ndipo tomato mumukwirire mpaka pafupi ndi masamba oyamba chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina. Zikani kamtengo komangirira tsiku lomwelo. Nyemba ndi maungu dzalani njere pamalo pake. Maungu awiri okha amakwana nkhwani za banja, ndipo mukawalozetsa kumpanda amakwera osadya malo. Bonongwe nthawi zambiri amamera yekha mvula ikagwa, anzathu a Chizulu amati imbuya, a Chisotho amati thepe, choncho popalira muzimuyang'ana. Therere ndiye womalizira, amafuna nthaka itatentha kwenikweni.

Mukamva pa foni kuti usiku kuzizira kwambiri mbande zili kale panja, dulani pansi pa mabotolo a malita awiri muvindikire mbande iliyonse, kapena yalani matumba ndi manyuzipepala pamwamba, muchotse dzuwa likatuluka.

Madzi kuno ndi a mita, ndipo nyengo yotentha malamulo a mzinda amaletsa kuthirira dimba kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. N'chifukwa chake ndikuti muyambe ndi bedi limodzi. Pomwe mwangofesa pamafuna kuwaza pang'ono tsiku lililonse, koma mbewu zikakula ndi bwino kuthira kheni ziwiri zodzaza kawiri kapena katatu pa sabata kusiyana ndi kunyowetsa pamwamba tsiku ndi tsiku. Pisani chala m'dothi, chikatuluka chouma thirirani. Thirani pansi, osati pamasamba, makamaka tomato. Ndipo phimbirani nthaka ndi masamba aja kapena udzu wouma, wokhuthala ngati zala zinayi, koma usakhudze tsinde. Bedi lophimbira ndi losaphimbira mumazisiyanitsa ndi dzanja: lina pansi pali zii ndi nyongolotsi, lina lili juu. Madzi otsukira mpunga ndi masamba musataye. Osamba ndi otsukuluzira zovala apite ku mitengo, bola musakhale Jik.

Zipatso tsopano. Mango, papaya ndi nthochi za kwathu zimavutika ndi chisanu cha kuno, zisiyireni a ku Limpopo ndi Durban. Chimene chimakondwa pano ndi pichesi, pulamu, nkhuyu, mphesa ndi mandimu. Gulani mtengo womezanitsa, chifukwa wa njere umachedwa ndipo sudziwika chomwe udzabereke. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, musakanize dothi ndi manyowa, muthire ndowa ya madzi mudikire alowe. Pomwe anamezanitsa, pamene pamaoneka ngati bondo patsinde, pakhale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira zotuluka m'munsi mwake muzizichotsa. Pichesi mungadzale mu Ogasiti momwemu. Ndimu, monga wa Eureka amene amabereka pafupifupi chaka chonse, dikirani chisanu chithe, mumuike pafupi ndi khoma lotentha lija, ndipo zipatso za chaka choyamba muzithothole kuti mphamvu ipite ku mizu. Kwa ife alendi amene mawa tingasamuke, ndimu kapena nkhuyu mu theka la mgolo ndi nzeru, mumanyamula pa bakkie pamodzi ndi katundu. Sitiroberi amakhala bwino m'zidebe ndipo ana amamukonda. Mapichesi akayamba kukula, ntchentche za zipatso zimaikiramo mazira, ndiye mukatsegula mumapeza mphutsi. Tolani chipatso chilichonse chagwa pansi, ndipo zomwe mukuzifuna kwambiri muzimange m'timatumba ta pepala zikadali zaziwisi.

Mbande ikapezeka m'mawa yadulidwa patsinde ngati ndi lumo, fukulani ndi chala pomwepo, mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Kapepala kolimba ka mkati mwa tishu, kozika mozungulira tsinde, kamateteza mbande zotsalazo. Nsabwe za pa repu ndi chomolia zimachoka ndi madzi a sopo wochepa, kupopera madzulo kunsi kwa masamba. Nkhono muzitola usiku ndi tochi mvula ikayamba. Mbalame zaphokoso zija, ma hadeda, zisiyeni, zimangofuna tizilombo ta m'nthaka. Choopsa kwambiri ndi matalala a masana kuyambira Okutobala, amene m'mphindi zochepa amang'amba sipinachi yense. Zikani mitengo inayi m'makona a bedi, mumange neti ya mthunzi pamwamba mopendekera kuti matalala azitsetsereka. Sipinachi akang'ambika musazule, dulani masamba owonongeka, amaphukanso.

Ambirife Disembala timakwera basi kupita kumudzi, nthawi imene tomato wayamba kupsa ndipo nkhwani zayanga. Musananyamuke palirani, onjezerani zophimbira, mangirirani tomato, ndipo zidebe muzisunthire pomwe dzuwa lamadzulo silifika. Pezani mnzanu wotsala, mumuonetse pomwe pali kheni, mumuuze kuti azithyola ndi kudya momasuka, chifukwa nyemba ndi sipinachi zikasiya kuthyoledwa zimakhwima n'kusiya kubereka. Mumupemphenso kuti bonongwe mmodzi wonenepa ndi dzungu limodzi asazikhudze, zikhwimire pomwepo, mudzapeze mbewu ya chaka chamawa mukadzabwera mu Januwale.