Mmene mungajambulire ionic bond popanda kuloweza

Ana anga a Fomu 3, lekani kuloweza mafomula. Muziwerenga maelekitironi, fomula idzabwera yokha.

Yambani ndi nambala ya atomu pa periodic table. Ya sodium ndi 11, ndiye maelekitironi ake amakhala 2,8,1 m'mashelo ake, kuyambira shelo yamkati mpaka yakunja. Ya chlorine ndi 17, ake ndi 2,8,7. Maso anu akhale pa shelo yakunja basi. Sodium ndi chitsulo, ndipo kutaya elekitironi imodzi n'kosavuta kuposa kusaka 7. Chlorine si chitsulo, ikungosowa imodzi kuti ikwane 8. Sodium ipereka, chlorine ilandira.

Pojambula, maelekitironi a sodium alembeni ndi timadontho, a chlorine ndi timitanda, kuti woyika malikisi aone bwino yomwe yasamuka. Sodium yatsala ndi mapulotoni 11 koma maelekitironi 10, ndiye yasanduka Na⁺, yomwe ndi ayoni, kutanthauza atomu yokhala ndi chaji. Chlorine yasanduka Cl⁻, 2,8,8. Ayoni iliyonse iikeni m'mabulaketi akeake, chaji mulembe kunja, pakona yakumtunda chakumanja. Chonde musalumikize mashelo awiriwo. Mashelo olowana ndi a covalent bond, momwe maatomu amagwiritsa ntchito maelekitironi limodzi m'malo mopatsana, ndipo zimandiwawa kuona mwana womvetsa bwino akutaya malikisi pa MSCE chifukwa cha kamzere kamodzi.

Calcium ndi 2,8,8,2, imapereka maelekitironi awiri, pomwe chlorine imalandira imodzi yokha. Pafunika ma chlorine awiri, n'chifukwa chake timalemba CaCl₂. Machaji onse mukawaphatikiza azipereka ziro. Magnesium ikapereka awiri, oxygen n'kulandira awiriwo, fomula ndi MgO. Yesani nokha aluminium, 2,8,3, ndi oxygen, 2,6. Mukapeza Al₂O₃ ndiye kuti mwaigwira nkhani.

Chogwirizanitsa maayoniwa ndi kukokana kwa chaji ya + ndi ya −, ndipo kukokanako ndiye ionic bond. Mu kambulu ka mchere wa m'ndiwo, Na⁺ iliyonse yazingidwa ndi ma Cl⁻ 6, choncho mchere umasungunuka ndi moto pokhapokha kutentha kukafika 801°C. MgO imafuna 2852°C, poti machaji ake ndi awiriawiri.

Kuti muone ndi maso, tengani mabatire a tochi, waya, kababu ka LED ndi timitima tiwiri ta pensulo. Magetsi a m'nyumba musayerekeze. Lumikizani mabatire, kababu ndi timitimato ndi waya, kenako zikani timitimato mu mchere wouma tisakukhudzana, kababu sikayaka, chifukwa maayoni ali omangika. Thirani madzi, takasani mpaka mchere usungunuke, maayoni ayamba kuyenda ndipo kababu kayaka. Kakakana, tembenuzani miyendo yake, poti LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha.