Momwe mungasankhire penti ndi kuwalitsa timasoja ta masewera a nkhondo

"Alamu, asilikali anuwa atuwa bwanji chonchi? Sanadzole mafuta?" Anatero mlamu wanga Loweruka lina ku Mufakose kuno ku Harare, atanyamula kasoja kamodzi mwa khumi tomwe ndinapenta sabata yonse. Ankanena zoona. Tinali timasoja ta Bolt Action, masewera a kampani ya Warlord Games, ndipo ndinatipenta ngati asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lomwe agogo athu ambiri a ku Nyasaland analowa, lija chipilala chake chili ku Zomba. Nkhope zawo zinali mbuu, ngati mwana amene wasamba madzi ozizira mu June. Ndinalakwa pamodzi pokha: pofuna kuwalitsa khungu, ndinathira penti woyera mu bulauni.

Kasoja ka mamilimita 28 n'kakang'ono moti kuwala kwa m'nyumba sikupanga mthunzi wooneka pa makwinya a malaya ake. Mthunziwo ndi kuwalako mumachita kujambula nokha ndi burashi.

Choyamba, primer

Penti sagwira bwino pa pulasitiki kapena chitsulo chopanda primer, uja penti woyambirira wa pansi. Wakuda amabisa malo omwe burashi sinafike, woyera amachititsa mitundu kuwala, wotuwa ali pakati. Ine ndimapopera wakuda paliponse, kenako woyera pang'ono kuchokera pamwamba penipeni. Pomwe payera ndi pomwe dzuwa la masana lingawombe, ndiye mwapeza kale mapu a powalitsa. Poperani m'katoni panja dzuwa litakwera. Mphepo ya mu August kuno ku Harare imamata fumbi pa primer wosauma, kasoja n'kuchita manthongo.

Chachiwiri, sankhani mitundu musanatsegule botolo

Gulu lonse likhale ndi mtundu umodzi waukulu, wina wothandizira, ndi kachitatu kongodontheza apa ndi apo, monga pa mpango kapena chizindikiro cha paphewa. Mukachulutsa, patebulo pamaoneka ngati pa kaunjika wa ku Mbare. Pa masewera a mbiri yakale, mbiri yomweyo imakusankhirani: KAR inavala khaki polimbana ndi Ataliyana ku Ethiopia mu 1941, koma ku Burma mu 1944 yunifolomu inali yobiriwira ngati nkhalango. Pa Warhammer 40,000, masewera a nkhondo zongopeka omwe Games Workshop inatulutsa mu 1987, ufulu ndi wanu.

Tsono mtundu uliwonse umafuna abale atatu: wakuda wa mumthunzi, wapakati, ndi wowala. Mu penti wa Citadel wa Games Workshop, buluu wa Ultramarines, asilikali a mu Warhammer 40,000, amayamba ndi Macragge Blue, kubwera Calgar Blue, kumalizira Fenrisian Grey m'nsonga. Wofiira amayenda kuchoka pa Mephiston Red, kupita pa Evil Sunz Scarlet, kufika pa Wild Rider Red. Taonani bwino wofiirayo: akukwera cholowera ku olenji, osati ku woyera. Wofiira mukamuthira woyera amasanduka pinki, msilikali wolusa n'kukhala ngati keke ya paukwati.

Ambirife penti timachita kuitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa abale okwera basi, choncho kugula mabotolo atatu pa mtundu uliwonse si nkhani yamasewera. Sakanizani. Wobiriwira ndi wofiira amawala ndi kachikasu. Bulauni ndi khaki amafuna mtundu wa minyanga, uja woyera mopita ku chikasu. Buluu yekha ndiye amalolera woyera pang'ono osadandaula. Podetsa, pewaninso wakuda weniweni: wofiira mudetseni ndi bulauni wakuda, wachikasu ndi bulauni wofiirira.

Chachitatu, sungunulani penti

Akhale ngati mkaka, osati phala. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi kochindikala, komwe kumakwirira mabatani ndi maso. M'nyengo yotentha ya October penti amauma muli chiyang'anire, ndiye tengani chibakuli cha majarini, yalani pansi kansalu konyowa, pamwamba pake pepala lija timayala m'thireyi pophika makeke. Penti wodonthezedwa pamenepo amakhala wofewa maola angapo.

Chachinayi, mthunzi

Mtundu wapakati ukauma, pakani wash, penti wamadzimadzi amene amathamangira yekha m'makwinya. Nuln Oil ndi wa zitsulo ndi mfuti, Agrax Earthshade ndi wa khaki, zikopa ndi matabwa. Akachita chithaphwi pamalo osalala, mumuyamwe ndi burashi youma asanagwire. Musiyeni aume ndithu.

Chachisanu, kuwalitsa kwenikweniko

Bwererani ndi mtundu wapakati pamalo otukuka okha, makwinya muwasiye ali akuda. Kenako wowala uja, koma pamalo ochepa kuposa poyamba: pamwamba pa mapewa, pa mawondo, m'mphepete mwa chipewa, pa mfundo za zala. Ulendo uliwonse malo azichepa. Mukaona kuti wowala waphimba wapakati yense, mwangosintha mtundu wa malaya basi.

Pa zida zokhala ndi m'mbali mwakuthwa, musajambule mzere ndi nsonga ya burashi, dzanja limanjenjemera. Pendeketsani burashi, mimba yake ikhudze m'mphepete, n'kukoka. Gundanitsani zikhatho, zigongono zili patebulo. Pa ubweya, miyala ndi dothi la pansi pa mapazi, njira ndi drybrush: burashi yakale yophwanyika, penti pang'ono, kupukutira pa pepala mpaka ikhale ngati yauma, kenako kusesa mopepuka pamwamba.

Khungu lakuda ndiye limafuna mtima. Zojambula zambiri za pa YouTube zimaonetsa khungu la azungu, ndipo njira yake siigwira kwa ife. Yambani ndi bulauni wakuda monga Rhinox Hide kapena Catachan Flesh. Powalitsa pitani ku bulauni wofiirira, monga Doombull Brown, kapena thirani kadontho ka olenji mu bulauni wanu. Yang'anani nkhope ya mnzanu ali padzuwa: pamawala ndi pamphumi, pamsana pa mphuno, pa masaya ndi pachibwano, kwinako kumakhalabe kwakuda. Malo owala akhale aang'ono kwambiri, kadontho komaliza pamphuno kakhale ngati kanjere ka mchenga. Ndinapentanso nkhope khumi zija motero, mlamu wanga n'kuyamba kuwatchula mayina a anthu a kwathu ku Dedza.

Chachisanu ndi chimodzi, onerani patali

Kasoja kamaseweredwa kali patebulo, pafupifupi mita imodzi kuchokera m'maso. Kaikeni pamenepo. Kuwala komwe kamaoneka kokokomeza muli nako pamphuno, pamenepa kamakhala kokwana, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti mukufunika kuonjezera. Chitani zimenezi masana pafupi ndi windo. Magetsi akazima musasankhe mitundu pa kandulo kapena pa babu lachikasu, m'mawa mudzapeza khaki wanu wasanduka wobiriwira.

Pomaliza poperani vanishi wosanyezimira, chifukwa zala za osewera zimafufuta penti m'mphepete momwe mwavutikiramo. Yesani kaye pa kasoja kamodzi, ndipo osapopera tsiku la chinyontho mvula ikangokata, vanishi amachita nkhungu yoyera.