Malangizo Opimila Arsenic m'Madzi Akumwa ndi Kuteteza Cikhodzodzo

Welengani pepala lonseli musanatsegule mankhwala opimila.

Arsenic ndi poizoni amene amapezeka m'miyala ya pansi pa nthaka, ndipo amasungunukila m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Alibe fungo, sasintha mtundu wa madzi, ndipo pakamwa samveka. Madzi oyela bwino, ozizila, angathe kukhala nawo. Bungwe la World Health Organization linaika malile a maikilogilamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Kapimidwe kake

Pimilani panja, pamalo opita mphepo, cifukwa mankhwalawa akakumana ndi madzi a arsenic amatulutsa mpweya woopsa wa arsine. Ana akhale patali. Yambani mwapopa mjigo kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke. Tsukani botolo ndi madzi omwe mufuna kupimawo, kenako thilani mpaka pamzele. Lowetsani kapepala kopimila m'civundikilo osakhudza ndi zala mbali yake ya mankhwala. Thilani mankhwala motsata manambala ake, tsekani mwamsanga, ndipo dikilani nthawi yonse yolembedwa pabokosi. Mukafulumila kucotsa kapepalako, kadzakunamizani kuti madzi ali bwino.

Ngati muli arsenic, kapepala kamasintha kucoka koyela kupita kwacikasu, ndipo akaculuka kamadelako. Kayelekezeni ndi mitundu yosindikizidwa pabokosi muli poyela. Mukatha, kakulungeni ndi kukataya kutali ndi madzi, pakuti kali ndi poizoni wina wochedwa mercury. Citsime ciliconse cipimidwe pacokha. Musadalile zotsatila za aneba anu, popeza zitsime ziwili zoyandikana zingasiyane kwambili.

Madzi akapyola malile

Musawawilitse poganiza kuti poizoni atha. Tikutsindika mfundo iyi cifukwa anthu ambili amalakwitsa pamenepa: kuwilitsa kumapha tizilombo, koma arsenic amatsala mumphika, ndipo madzi akamaphwa iye amaculukila. Chlorine nayenso samucotsa. Lekani kumwa madziwo, kuphikila, kapena kusungunulila mkaka wa mwana. Kusamba ndi kucapa mungapitilize. Akumwa muzitunga pacitsime cina copimidwa, kapena kololani amvula m'ciwiya caukhondo. Pogula sefa, onetsetsani kuti palembedwa kuti imacotsa arsenic, monga ya reverse osmosis. Citsime coipaco ciikeni cizindikilo. Ku Bangladesh, kumene vutoli linakhudza anthu mamiliyoni, mijigo yoopsa anaipaka utoto wofiila ndipo yabwino wobiliwila.

Zimene amacita m'njila ya mkodzo

Arsenic wambili amene munthu wamwa amasefedwa ndi impso n'kutuluka ndi mkodzo. Ndiye kuti tsiku lililonse amakhala m'cikhodzodzo kwa maola, akukhudza khungu lake lam'kati. Zaka zikamapita, izi zingayambitse khansa ya cikhodzodzo, ndiponso impso zimatha kuwonongeka. Matendawa sabwela msanga. Mumzinda wa Antofagasta ku Chile, anthu anamwa madzi a arsenic wambili kuyambila 1958 mpaka 1970, ndipo khansa ya cikhodzodzo inapitiliza kupha ambili patapita zaka makumi madziwo atakonzedwa kale. Conco ngakhale munasintha citsime, muwauzebe adokotala za madzi amene munali kumwa.

Mukaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale popanda ululu, pitani kucipatala. Kaŵilikaŵili cizindikilo coyamba ca khansayi cimakhala cimeneci, ndipo magaziwo amatha kusowa kwa masabata n'kudzabwelanso. Musangoti ndi likodzo n'kumwa mankhwala panokha. Likodzo limatulutsadi magazi, koma kusiyanitsa kumafuna kupima. Pitaninso ngati mukukodza pafupipafupi kapena mkodzo ukuwocha ndipo mankhwala sakuthandiza. Yang'ananinso zikhatho ndi mapazi: khungu lolimba lokhala ndi tinjelewele, kapena mawanga akuda pathupi, zimaoneka pakapita zaka zisanu kapena kuposelapo munthu akumwa madzi otele. Ngati mumasuta fodya, lekani, cifukwa fodya payekha ndi amene amayambitsa kwambili khansa ya cikhodzodzo.

Kupima mkodzo kumaonetsa arsenic amene mwamwa m'masiku ocepa apitawo. Musadye nsomba ndi zakudya zina za m'nyanja yamcele kwa masiku angapo musanapeleke mkodzo, popeza zili ndi mtundu wina wa arsenic umene umasokoneza zotsatila. Onse omwa pacitsime cimodzi apimidwe, kuyambila amayi apakati ndi ana.