Madzi olowera m'mapaipi oimikamo ndodo za mbedza

Boti langa la fiberglass, lomwe ndimawedzera kampango ndi ncheni ku Senga Bay, lili ndi mapaipi achitsulo oimikamo ndodo za mbedza m'mbali mwake. Mvula ikagwa, kapena mwera ukautsa mafunde, madzi ankadzaza kunsi kwa popondapo, ndipo thabwa lozungulira mapaipiwo linayamba kufewa.

Kumata silikoni m'mphepete mwa mapaipi sikunathandize. Zivindikiro za labala zinkateteza boti likakhala pagombe pokha. Vuto lenileni linali lakuti mapaipiwa ndi otseguka kunsi, choncho madzi onse olowa pamwamba ankathera m'mimba mwa boti.

Ndinazula mapaipi onse n'kusiya thabwalo liume padzuwa, kenaka ndinapaka epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi, m'kati mwa mabowo. Kunsi kwa paipi iliyonse ndinavekako chotsekera cha PVC chomwe ndinachiboola pakati, n'kulumikizapo kapaipi kofewa ka mamilimita 12, komangidwa ndi klampu yosachita dzimbiri.

Pofunika kwambiri ndi njira yomwe kapaipiko kadutse. Kazitsetsereka mosalekeza mpaka kumbuyo, pa kadzenje ka patsogolo pa injini komwe kamataya madzi m'nyanja. Kakangolendewera penapake, madzi amaima, mchenga wa kunsi kwa ndodo n'kukatseka. Ndinakamangirira m'khoma la boti pafupipafupi kuti kasapindike.

Pobwezeretsa mapaipi ndinamata Sikaflex 291, guluu wa maboti wotchinga madzi, ndi kumanga masikuluu a stainless steel. Zodula zinali Sikaflex ndi epoxy. Za PVC zimapezeka ku hadiweya. Musanamange komaliza, thirani botolo la madzi m'paipi iliyonse muone ngati onse akutulukira kumbuyo.